Bandura ya ku Chernihiv ya nsambo 55: zomwe ndaona pa miyezi 14 chiigulireni

Aliyense wolowa m'nyumba mwanga kuno ku Bradford amayamba wafunsa za chida choimbira chimene chimaima pakona pa balaza. Ena amati ndi zeze wamkulu, ena amati gitala wofufuma. Dzina lake ndi bandura, chida cha anthu a ku Ukraine, ndipo yangayi inapangidwa mu mzinda wa Chernihiv, kumpoto kwa Kyiv. Anzanga awiri a ku kwaya ayamba kundifunsa mtengo wake ndi komwe angaipeze, choncho ndati ndilembe zonse malo amodzi, zokoma ndi zowawa zomwe.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mwa amene ndimawayendera muli agogo ena aakazi omwe makolo awo anabwera ku England nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Kuno ku Bradford kuli mabanja ambiri otere, ali ndi matchalitchi awo ndi holo yawo. M'mawa wina ndikuwakonzera phala, agogowa anaika kaseti yakale m'wailesi. Munatuluka mawu a bambo mmodzi, osati kuimba kwenikweni, osatinso kulankhula, koma pakatikati, ngati munthu wamkulu akulongosola maliro. Akamaliza chiganizo nsambo zimamuyankha, zikutsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndinazimitsa moto n'kuima pakhomo la khitchini.

"Agogo, bambo amenewa akulira chiyani?"

Anandiuza kuti imeneyo ndi duma, nyimbo yofotokoza mbiri, ndipo imakamba za ankhondo a Cossack amene anagwidwa ukapolo n'kumapalasa zombo za anthu a ku Turkey, atamangidwa maunyolo, akupempha Mulungu kuti awabwezere kwawo. Mawuwo sindinamve ngakhale limodzi, koma kaimbidweko sikanali kachilendo kwa ine. Ndinakulira ku Thyolo, kwawo kwa malemu Allan Namoko, ndipo ndikudziwa mmene munthu wosaona amagwirira nsambo akamauza anthu openya zinthu zimene iwo sakuziona. Kuyambira tsiku limenelo mtima unakana kukhazikika.

Ndinaipeza pa intaneti, yogwiritsidwapo kale ntchito. Ogulitsawo anati anali kuchotsa katundu m'nyumba ya bambo awo omwe anamwalira, ndipo analemba kuti chidacho chili bwinobwino, n'chongotenga n'kuyamba kuimba. Ndinalipira mapaundi 380, kuphatikizapo mtengo wotumizira. Itafika ndinapeza nsambo 4 zoduka, zina zambiri zili ndi dzimbiri, zikhomo ziwiri zomangira nsambo zikuzungulira zokha, ndipo kiyi wochunira munalibe. Chikwama chake cha nsalu chimanunkha nkhungu, kusonyeza kuti yakhala zaka m'chipinda cha chinyezi. Nditawalembera anandiyankha kuti iwo za nyimbo sazidziwa. Ndinawakhulupirira, koma munthu amene sadziwa asamalembe kuti chinthu chili bwinobwino. Zimenezi zinandiwawa, ndipo kukonza konse kunandidyera mapaundi ena 90.

Koma thupi lake linali lamoyo. Panalibe mng'alu paliponse, ndipo nditagogoda thabwa la pamwamba ndi chala linayankha ngati ng'oma yowamba bwino.

Maonekedwe ake ali ngati peyala lodula pakati, koma lopendekera mbali imodzi, ndipo khosi lake lalifupi lili chakumbali, osati pakati ngati la gitala. Kumsana kwake n'kosemedwa mozama ngati chipande. Pakhosipo pamadutsa nsambo 12 zikuluzikulu za besi. Nsambo zina 43 zayalidwa pathupi penipeni, kuyambira zazitali mpaka kafupi kwambiri kotalika ngati chala, ndipo eni ake amazitcha prystrunky. Wozolowera gitala adziwiretu kuti pano palibe kukanikiza nsambo pakhosi kuti mawu asinthe. Nsambo iliyonse ili ndi liwu lake limodzi basi, monga zilili pa bangwe. Nsambo za pathupizo zili m'mizere iwiri yopingasana: mzere umodzi ndi wa mawu a sikelo wamba, winawo ndi wa timawu ta pakati, tija timakhala pa makiyi akuda a piyano. Mbali imodzi ya pamene yapingasanapo mzere woyamba ndi umene uli kunja, mbali inayo wachiwiri ndi umene umatulukira, ndiye dzanja limasuntha pang'ono likafuna timawu ta pakatito n'kubwereranso. Amene anaganiza zimenezi anali ndi mutu.

Pa sikelo ya kubafa imalemera makilo 6. Umakhala pampando wopanda mikono, n'kuiimika pantchafu pakati pa mawondo. Dzanja lamanzere limaliza mabesi, lamanja limaliza prystrunky. Mlungu woyamba ntchafu imachita dzanzi pakangotha mphindi 20, ndipo nsonga za zala zinatuluka matuza. Pano ndimasunga zikhadabo za kumanja zazitali pang'ono, zomwe zimandivuta ku ntchito chifukwa timavala magolovesi tsiku lonse, ndiye ndinagula zikhadabo zovala zimene oimba ambiri amagwiritsa ntchito.

Nkhani yaikulu ndi kuchuna. Ndikunena mosabisa: ngati mulibe mtima wodekha, ndalama zanu musataye. Kiyi wa piyano ndi wamkulu, salowa. Amene anandithandiza ndi aphunzitsi anga, mayi a ku Poltava omwe anabwera kuno mu 2022 pothawa nkhondo, ndipo amaphunzitsa ana Loweruka lililonse. Anandibwereka kiyi wawo wapadera, kachitsulo kooneka ngati chilembo cha T. Kuchuna koyamba kunanditengera madzulo atatu, chifukwa ukamanga nsambo za mbali imodzi thabwa limakoka, za mbali ina n'kumasuka. Ndinadula nsambo ziwiri pokhotetsa kiyi mwamphamvu ngati ndikumanga nati ya njinga. Amayiwo anandigwira dzanja n'kundionetsa kuti kiyi sazunguliridwa, amangotsamiridwa, pang'ono pokha moti diso silingaone kuti wasuntha. Masiku ano ndimatha mphindi 15 ndisanayambe kuimba, ndipo m'nyengo yozizira, hita ikayaka, ndimachuna tsiku lililonse. Musaiike pafupi ndi hita kapena pawindo. Nsambo za besi ndinaitanitsa ku Ukraine ndipo zinatenga milungu 5 kuti zifike. Zing'onozing'onozo munthu wina wokonza mapiyano anandidulira pa waya wake atayeza kunenepa kwa zakalezo.

Ikachunidwa bwino, malipiro ake ndi aakulu. Liwu lake ndi lowala ngati la belu laling'ono, koma silibaya m'khutu. Ukaliza nsambo imodzi, zinzake zogwirizana nayo zimayamba kunjenjemera zokha, ndiye chipinda chonse chimadzaza ngakhale waliza pang'ono. Ubwino umenewu ndi vuto lakenso. Palibe chozimitsira mawu ngati pa piyano, choncho mabesi amapitirira kulira n'kusakanikirana ngati suwagwira ndi chala. Miyezi itatu yoyamba zonse zimene ndinkaimba zinkamveka ngati phokoso la mumsika. Kuphunzira kuletsa nsambo kunanditengera nthawi yaitali kuposa kuphunzira kuiliza.

Tsiku loyamba lija, aphunzitsi anga ataiyang'ana mbali zonse, anandiuza chinthu chimene chinandikhumudwitsa poyamba. Anati, "Mwagula chida chabwino, koma si chimene munamva pa kaseti ija ayi." Ndiye apa ndi pamene wogula ayenera kumvetsa, chifukwa dzina lakuti bandura likuimira zida zingapo zosiyana.

Oimba akale aja ankatchedwa makobzar, kuchokera ku kobza, chida china chachibale. Ambiri anali amuna osaona, oyenda m'midzi ndi m'misika, kuima pa zipata za matchalitchi, atatsogozedwa ndi kamnyamata. Sanali opemphapempha wamba. Anali ndi mabungwe awo okhala ndi malamulo, mwana ankakhala zaka pansi pa mphunzitsi asanaloledwe kuimba payekha, ndipo anali ndi chinenero chawo chachinsinsi kuti akunja asamve zokambirana zawo. Pambali pawo panali malirnyk, oimba lira, chida chopukusa ndi dzanja chokhala ndi gudumu lokhuza nsambo. Ankaimba masalimo, nyimbo za makhalidwe, zovina, komanso maduma. Bandura yawo inali yaing'ono, yopepuka, ya nsambo 20 kapena kupitirira pang'ono, yosemedwa pa chipika chimodzi, kawirikawiri cha msondodzi. Nditamva za mtengowo ndinakumbuka Salimo 137, pomwe akapolo ku Babulo anapachika azeze awo pa msondodzi. Kuno msondodzi womwewo ndi umene unasemedwa kuti ulirire akapolo ena.

Duma ilibe ndime zofanana ngati nyimbo za m'buku la kutchalitchi. Mzere wina ndi wautali, wina waufupi, woimba amatsata mawu ndi mpweya wake, ndipo palibe awiri amene amaiimba mofanana. Chida chija ntchito yake ndi kuyankha munthu ndi kumupatsa mpata wopuma. N'chifukwa chake zinali zovuta kuzilemba pa pepala. Mykola Lysenko, amene amatengedwa ngati tate wa nyimbo zolembedwa za ku Ukraine, anakhala pansi ndi kobzar wotchuka Ostap Veresai n'kufotokoza kaimbidwe kake pamaso pa ophunzira ku Kyiv mu 1873, ndipo mu 1875 Veresai anakaimba ku St Petersburg. Mu 1908 mlakatuli Lesya Ukrainka anapereka ndalama zake mwakachetechete kuti Filaret Kolessa apite kudera la Myrhorod ndi makina ojambulira mawu pa phula, akajambule okalamba amene anatsala. Zojambulazo zilipo mpaka lero ndipo zina zimapezeka pa intaneti. Zimakhala ndi mkokomo wambiri, mawu ali kutali ngati akuchokera kuseri kwa phiri, koma ndakhala ndikuzimvetsera usiku ndikaweruka. Ulemu umene anthuwa anali nawo umaonekeranso apa: Taras Shevchenko, mlakatuli wamkulu wa dzikolo, buku lake loyamba la mu 1840 analitcha Kobzar.

Amene anatulutsa bandura mumsewu n'kuikweza pa nsanja anali Hnat Khotkevych, munthu wopenya, injiniya komanso wolemba. Mu 1902 anasonkhanitsa makobzar kuti aimbe pa msonkhano waukulu wa akatswiri a zakale ku Kharkiv, kenako analemba mabuku ophunzitsira ndi kukonza kagwiridwe kamene kamatchedwa ka Kharkiv, komwe manja onse awiri amayenda pa nsambo zonse. Mu 1918 ku Kyiv kunakhazikitsidwa gulu la oimba bandura pamodzi. Kenako kunabwera zaka za m'ma 1930. Boma la Soviet linkaona woimba woyendayenda, wokumbutsa anthu za ufulu wa makolo awo, ngati mdani. Ambiri anamangidwa, ena anaphedwa. Ivan Kuchuhura-Kucherenko, kobzar wosaona, anawomberedwa mu 1937. Khotkevych anawomberedwa mu 1938. Ena mwa oimba a gulu la ku Kyiv lija anadutsa m'misasa ya ku Germany pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1949 anakafika ku Detroit, komwe gulu lawo, Ukrainian Bandurist Chorus, likuimbabe.

Tsono bandura yangayi inabadwa zonsezi zitachitika. Fakitale ya ku Chernihiv inayamba kupanga mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1950, potsata mapulani a Ivan Skliar, ndipo pofika 1991 inali itatulutsa pafupifupi 30,000. Inapangidwira masukulu a nyimbo, makwaya ndi nsanja zikuluzikulu, kuti izitha kuimba nyimbo zolembedwa, ngakhale za azungu a kumadzulo. N'chifukwa chake ili ndi nsambo zochuluka chonchi ndi timawu tonse ta pakati, n'chifukwa chakenso munthu wosaona sangayende nayo pamsana mudzi ndi mudzi. Zimenezi zinandisautsa kwa masiku angapo. Ndinkaiyang'ana n'kumaganiza kuti boma lomwe linatseka pakamwa eni nyimbo ndi lomwenso linadzaza dziko ndi chida chawo, litachisintha kuti chiziimba zimene ilo likufuna.

Ndinawauza aphunzitsi anga maganizo amenewa. Anakhala chete kanthawi, kenako anati iwo anaphunzirira pa bandura yonga yomweyi ali ndi zaka 7, ndipo nyimbo zimene agogo awo ankaopa kuimba pagulu, iwo anaziphunzira pa nsambo zomwezi, mphunzitsi atatseka chitseko. Anandiuzanso kuti kale chinali chida cha amuna okha, koma kudzera m'masukulu amenewa atsikana ambirimbiri anachigwira, moti lero oimba ambiri ndi akazi. Sindinganene kuti kusautsidwa kuja kunatheratu, koma ndinasiya kuiona ngati chinthu chabodza. Ndipo kaimbidwe kakale sikanafe. Heorhiy Tkachenko, amene anaphunzira kwa makobzar ali mnyamata, anakasunga mpaka ukalamba wake, ophunzira ake anautsanso bungwe la makobzar ku Kyiv, amasema okha zida zawo, ndipo mu 2024 UNESCO inavomereza ntchito yawo yosunga mwambo wa kobza ndi lira ngati chitsanzo chabwino. Wofuna liwu la pa kaseti lija afunefune bandura yotchedwa starosvitska, kutanthauza yachikale, kwa amisiri amenewa. Ya ku Chernihiv si imeneyo.

Nyimbo yoyamba imene ndinaimaliza ndi Shchedryk, ndipo pa iyo chidachi chimaonetsa mphamvu zake zonse. Ndi timawu tinayi tobwerezabwereza, dzanja lamanja limangozungulira malo amodzi pamene mabesi akutsika mmodzimmodzi, ndipo kulira kwa nsambo kosazima kuja, komwe kumasokoneza nyimbo zina, apa kumakhala ngati mabelu enieni. Pa Khrisimasi ndinaiimba ku chiyanjano chathu cha Amalawi. Onse anaizindikira, chifukwa imalira m'masitolo onse kuno mwezi wa Disembala ndi dzina lakuti Carol of the Bells. Palibe amene ankadziwa kuti ndi ya ku Ukraine, ndiponso kuti mawu ake enieni sanena za mabelu kapena Khrisimasi. Amanena za namzeze amene waulukira pakhomo kudzaitana bambo wa nyumba kuti atuluke aone nkhosa zake zaswa, chaka chikubwerachi n'cha mwayi. Ndi nyimbo yofunira anthu mafuno abwino pa chaka chatsopano. Mykola Leontovych ndi amene anaikonzera kwaya, inaimbidwa ku Kyiv mu 1916, ndipo kwaya ya Oleksandr Koshyts inakaiimba ku Carnegie Hall ku New York mu 1922. Pa nthawiyo Leontovych anali ataphedwa kale, mu Januwale 1921, m'nyumba ya bambo ake, ndi munthu wa apolisi achinsinsi a Soviet amene anapempha malo ogona. Mawu a Chingerezi anaikidwa pambuyo pake ndi Peter Wilhousky. Nditafotokoza za namzeze, mayi wina wachikulire anati kwawo ku Ntcheu namzeze akamanga chisa pakhonde sathamangitsidwa, ndipo anapempha kuti ndiimbenso.

Pa nyimbo zathu za kutchalitchi, bandura imachita bwino pa zodekha, makamaka munthu akamaimba yekha kapena awiri. Pa makorasi othamanga, oomba m'manja, imamira. Gitala amaiposa kutali. Vuto lina ndi lakuti yangayi ilibe tizitsulo tosinthira kiyi ya nyimbo. Amayi athu akayambitsa nyimbo pamene mawu awo afikira, wa gitala amangosuntha dzanja n'kuwapeza, koma ine ndimayenera kusintha kayendedwe konse ka zala, ndipo makiyi ena ndi ovuta kwambiri. Bandura ya aphunzitsi anga, yopangidwa ku Lviv, ili ndi tizitsulo timeneti ndipo nsambo zake ndi zoposa 60, koma mtengo wake ndi wokwera kangapo.

Kodi ndingalangize munthu kugula? Inde, ngati mumaimba ndi pakamwa ndipo mukufuna chida choyenda ndi mawu anu, ngati muli ndi mphindi 15 za kuchuna tsiku lililonse, ndiponso ngati pafupi nanu pali munthu woti akuonetseni kagwiridwe. Mavidiyo a pa YouTube amathandiza, koma sangakugwireni dzanja. Kwa woyamba, ya ku Chernihiv yakale ndi yolimba ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Musanalipire, pemphani zithunzi za thabwa la pamwamba pa kuwala kwa dzuwa kuti muone ming'alu, makamaka pafupi ndi mtanda umene nsambo zimatsamirapo. Pemphani vidiyo yoti ogulitsa alize nsambo zonse imodziimodzi. Funsani ngati zikhomo zikugwira, ngati kiyi alipo, ndi komwe chidacho chimasungidwa. Mukapeza mng'alu kapena khosi lopindika, isiyeni ngakhale itatsika mtengo bwanji, chifukwa amisiri odziwa kukonza bandura kuno ndi osowa.

Mwezi watha ndinapempha chilolezo kwa ana a agogo aja, ndipo tsiku langa lopuma ndinakwera nayo basi kupita kwawo. Maso awo afooka kwambiri tsopano. Anandiuza kuti ndisendere pafupi, n'kuika chikhatho chawo pa thabwa la pamwamba pamene ndinkaliza mabesi, kuti amve kunjenjemera kwake. Kenako ndinaimba Shchedryk ndi mawu a Chiyukireniya amene ndinaloweza. Nditafika pa liwu la namzeze, lastivochka, anandiimitsa. Anati ndikuika mavawelo pomwe palibe, n'kulitchula okha katatu pang'onopang'ono, ine ndikutsatira. Atakhutira anabwezera dzanja pa thabwa paja n'kunena kuti, "Yambiraninso poyamba, mwana wanga."